Maketoni: bwanji savulaza wosala kudya koma angaphe wodwala shuga?

Mwezi wa Ramadhan ukafika kuno ku Namwera, ambiri mwa inu mumadya daku kunja kusanache, basi osalawanso kanthu mpaka nthawi ya futari dzuwa litalowa. Amenewo ndi maola oposa 12 m'mimba muli pululu. Koma kusukulu mumabwera ndithu, masamu mumawerengera, mayeso mumalemba. Anzathu Achikhristu nawo ali ndi nthawi zawo zosala kudya, ndipo tonse tikuidziwa miyezi ya Januwale ndi Febuluwale pamene ufa umatha m'nyumba zambiri. Tsono ndikufunseni: ubongo, umene supuma ngakhale mutagona tulo, umakhala ukudya chiyani nthawi yonseyi?

Mbali ina ya yankho ndi tinthu totchedwa maketoni. Chakudya chikachedwa, chiwindi chanu chimapanga maketoni kuchokera ku mafuta a m'thupi, ndipo inu simudwala nawo. Koma maketoni omwewa akachuluka mwa mwana wodwala shuga amene insulini yamuthera, angamukomole mpaka kumupha m'tsiku limodzi kapena awiri. Lero ndikufuna timvetse pamene pagona kusiyanaku, chifukwa amene wakumvetsa angathe kupulumutsa mnzake wa m'kalasi kapena mng'ono wake kunyumba.

Thumba la ufa ndi nkhokwe

Mukadya nsima, mpunga, mbatata kapena chinangwa, chakudyacho chimagayidwa n'kusanduka gulukosi, shuga amene amayenda m'magazi. Maselo amawotcha gulukosi ameneyu kuti apeze mphamvu, zija mu Biology mumati respiration. Ubongo wokha wa munthu wamkulu umatha pafupifupi magalamu 120 a gulukosi pa tsiku.

Gulukosi wina chiwindi chimamusunga, ndipo akasungidwa choncho amatchedwa glycogen. M'chiwindi mumakwana pafupifupi magalamu 100 basi. Limeneli lili ngati thumba la ufa la m'nyumba: lili pafupi, koma silipita patali. Tsiku limodzi osadya, thumba latsala pang'ono kutha. Nkhokwe yeniyeni ya thupi ndi mafuta, ndipo ngakhale munthu wowonda ali nawo makilogalamu angapo.

Vuto ndi lakuti ubongo sutha kuwotcha mafuta mmene alili. Ndiye chiwindi chimagwira ntchito ya chigayo. Chimalandira mafuta ochokera kunkhokwe, n'kuwaphwanya kukhala tinthu ting'onoting'ono tosungunuka m'magazi, totha kulowa mu ubongo. Amenewa ndiwo maketoni, ndipo alipo atatu: acetoacetate, beta-hydroxybutyrate ndi acetone.

A Fomu 4, acetone mukumudziwa kale. Mu Chemistry ndi propanone uja, CH3COCH3, woyamba pa banja la ma alkanone. Ndi yemwe uja amanunkha m'mankhwala ochotsera kyuteksi ku zikhadabo. Amawira pa madigiri 56 okha, choncho sachedwa kusanduka mpweya, ndipo thupi limamutayira m'mapapo. N'chifukwa chake mpweya wa m'kamwa mwa munthu wa maketoni ambiri umamveka ngati zipatso zopsa kwambiri kapena mankhwala a kyuteksi aja.

Thupi likamayendera maketoni ochepa chonchi, timati ketosis. Imeneyi si matenda ayi. M'chaka cha 1967, gulu la George Cahill ku Boston linapeza kuti ubongo wa munthu amene wakhala masabata osadya umapeza mphamvu zoposa theka kuchokera ku maketoni. Ndipo kuyambira 1921, pamene Russell Wilder wa ku Mayo Clinic anayambitsa njirayi, madokotala ena amapatsa dala ana a khunyu losamva mankhwala chakudya cha mafuta ambiri kuti thupi lipange maketoni. Kusala kwa daku mpaka futari kumangowakweza pang'ono chabe, ndipo mukangofutulu amatsika.

Insulini ndiye buleki

Nanga n'chiyani chimaletsa chiwindi kuti chisapyole muyezo? Ndi insulini. Imeneyi ndi homoni yopangidwa m'chiwalo chimene buku la Biology limachitcha pancreas, m'timagulu ta maselo totchedwa islets of Langerhans. Pa Chichewa ambiri amati kapamba, koma samalani, dzina lomweli timatchulanso chiwalo china chija chimatupa ndi malungo.

Ntchito ya insulini imene mumalemba pa mayeso ndi yotsitsa shuga: imathandiza gulukosi kuchoka m'magazi kulowa m'minofu ndi m'maselo osunga mafuta. Koma ili ndi ntchito yachiwiri imene mabuku ambiri sainena mokweza. Imauza nkhokwe ya mafuta kuti isatulutse zambiri, n'kuuzanso chiwindi kuti chisagaye mopyola. Ntchito yachiwiriyi imafuna insulini yochepa kwambiri. Munthu wosala kudya insulini yake imatsika, inde, koma siitheratu. Maketoni akayamba kukwera, kainsulini kotsalako kamawagwira.

Taganizirani njinga ya kabaza ikutsika mtsetse wa ku Chowe kulowera ku Mangochi boma. Kutsika pakokha si ngozi. Wakabaza amagwira buleki, kusiya pang'ono, kugwiranso, mpaka wafika m'munsi. Ketosis ndi yotero. Tsopano yerekezani mtsetse womwewo, njinga yomweyo, koma buleki yaduka.

Buleki ikaduka

Matenda a shuga alipo mitundu iwiri ikuluikulu. Mtundu wachiwiri ndi umene uli ndi anthu ambiri, makamaka akuluakulu: insulini ilipo koma thupi siliimvera bwino. Kafukufuku wa STEPS wa m'chaka cha 2009 anapeza kuti pa Amalawi 100 alionse a zaka 25 mpaka 64, pafupifupi 6 anali ndi shuga. Mtundu woyamba umakonda kuyamba mwa ana ndi achinyamata a msinkhu wanu. Apa chitetezo cha m'thupi chimawononga maselo opanga insulini, mpaka thupi kutsala lopanda insulini. Sikuti mwanayo anadya shuga wambiri, sikuti analodzedwa, ndipo matendawa sapatsirana.

Insulini ikasowa, zinthu zimayenda motere. Gulukosi amadzaza m'magazi koma salowa m'minofu. Thupi limaona ngati kwagwa njala, chonsecho chakudya chili mbwee m'magazi. Chiwindi chimawonjezera gulukosi wina pamwamba pa amene alipo kale. Shuga akapyola pafupifupi 10 mmol/L, impso zimalephera kumubweza yense, ndiye amatayikira mu mkodzo ndipo amakoka madzi popita. Munthu amakodza pafupipafupi, ludzu losatha, nyerere kuunjikana pamene wakodza. Munthu wamkulu wolemera makilogalamu 60 angataye madzi okwana malita 6.

Nthawi yomweyo nkhokwe ya mafuta yatseguka yonse, chiwindi chikugaya usana ndi usiku. Awiri mwa maketoni aja, acetoacetate ndi beta-hydroxybutyrate, ndi maasidi. Akakhala ochepa, bicarbonate wa m'magazi amawazimitsa. Akachuluka, bicarbonate amatha, pH ya magazi n'kuyamba kutsika. Magazi a munthu wabwinobwino amakhala pakati pa pH 7.35 ndi 7.45. Akatsika kupyola 7.3 chifukwa cha maketoni mwa wodwala shuga, madokotala amati diabetic ketoacidosis, mwachidule DKA. Musaderere manambalawa. Pa sikelo ya pH, kutsika kuchoka pa 7.4 kufika pa 7.1 ndiye kuti ma hydrogen ion achuluka kuwirikiza kawiri, ndipo ma enzyme a mumtima ndi mu ubongo sagwira bwino ntchito m'magazi owawasa chotero.

Thupi limayesa kudziteteza ndi mapapo. Asidi akakumana ndi bicarbonate pamatuluka madzi ndi carbon dioxide, ndiye wodwalayo amapuma mozama, mokoka, mosalekeza, ngati wangomaliza kuthamanga chonsecho wagona pamkeka. Dokotala wa ku Germany, Adolf Kussmaul, anafotokoza kapumidwe kameneka m'chaka cha 1874, ndipo mpaka lero kamadziwika ndi dzina lake. Maketoni amabweretsanso nseru, kusanza ndi kupweteka m'mimba. Kusanzako kumachotsa madzi ena, magazi amachepa, impso zimafooka, shuga ndi maketoni n'kukwera kuposa kale. Mwaona mmene njinga ikuthamangiramo?

Chifukwa chake amasokonezeka ndi malungo

Apa ndi pamene ndimada nkhawa kwambiri ndi dera lathu lino. Ku Mangochi malungo ndi ambiri, moti mwana akafooka, kusanza ndi kuwodzera, tonse timangoti malungo. Akamapuma mwabefu timati chibayo. M'mimba mukamapweteka timati wadya choipa. Pamenepo ana ambiri a shuga wa mtundu woyamba amakhala asanadziwike n'komwe kuti ali ndi shuga. DKA ndiyo imakhala chizindikiro choyamba kuonekera poyera.

Chimene chingakuthandizeni ndi kubwerera m'mbuyo masabata awiri kapena atatu. Kodi mwanayu wakhala akumwa madzi modabwitsa? Akudzuka kangapo usiku kukakodza, kapena wayambiranso kukodza pogona atasiya kalekale? Akuwonda chonsecho akudya bwino? Malungo sabwera ndi mbiri yotere.

Dziwaninso kuti ziwirizi zingagwire munthu pamodzi. Malungo, chibayo, chilonda chamafinya kapena matenda a m'chikhodzodzo zimakweza mahomoni olimbana ndi insulini, ndipo zimenezi ndi zina mwa zimene zimayambitsa DKA kawirikawiri. Choncho kupezeka ndi malungo sikutanthauza kuti shuga ali bwino. Kuyeza shuga kumangofuna kadontho kamodzi ka magazi a pachala, ngati mmene amayezera malungo. Ngati mbiri ija ilipo, ifotokozeni kwa adokotala kapena anamwino, ndipo pemphani mwaulemu kuti ayezenso shuga. Paja safunsa anadya phula.

Maketoni amayezedwa bwanji?

Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi ya mkodzo. Pali timapepala tokhala ndi kachigamba ka mankhwala otchedwa nitroprusside kunsonga. Mumaviika mu mkodzo watsopano, kudikira masekondi amene alembedwa pabotolo, n'kuyerekeza mtundu ndi tchati cha pabotolopo. Kachigamba kakapanda kusintha, maketoni palibe. Kakasanduka kofiirira mpaka papo wakuda, alipo ambiri. Zotsatira zimalembedwa ndi mitanda: +, ++, +++. Wodwala shuga akapeza ++ kapena kuposa, afunika kuonana ndi achipatala tsiku lomwelo, ndipo ngati akusanza, nthawi yomweyo.

Timapepalati n'totsika mtengo, koma tili ndi malire. Timaona acetoacetate yekha, pamene pa DKA amene amachuluka kwambiri ndi beta-hydroxybutyrate. Komanso mkodzo umakhala utaunjikana m'chikhodzodzo kwa maola, ndiye ukukuuzani za mmene magazi analili kale, osati panopa. Timawonongekanso ndi chinyezi: botolo lizikhala lotseka, ndipo likatha miyezi 6 chitsegulireni musalidalire.

Njira yachiwiri ndi ya magazi a pachala, pa kamakina kofanana ndi koyezera shuga koma ka masitiripi akeake. Imeneyi imayeza beta-hydroxybutyrate amene ali m'magazi pa mphindi imeneyo, kungoti masitiripi ake ndi odula ndipo sapezeka paliponse. Kwa munthu wodwala shuga, manambala ake amawerengedwa motere:

Pansi pa 0.6 mmol/L: zili bwino.
0.6 mpaka 1.5: akwera pang'ono. Imwani madzi, tsatirani malangizo a insulini amene munapatsidwa kukiliniki, yezaninso pakatha maola awiri.
1.6 mpaka 3.0: ngozi ya DKA yayandikira. Pitani kuchipatala.
Kuposa 3.0: sizocheza, thamangani.

Ayeze liti? Akadwala matenda alionse, akamasanza kapena kumva m'mimba kupweteka, akaphonya jakisoni, kapena shuga akakhala pamwamba pa 14 mmol/L osatsika. Makina ena amalemba mu mg/dL. Mungochulukitsa ndi 18, ndiye 14 mmol/L ndi pafupifupi 250 mg/dL.

Nanga ngati kunyumba kulibe choyezera maketoni chilichonse, monga zilili m'makomo ambiri? Zizindikiro ndizo zikhale sitiripi yanu. Shuga wokwera, kuphatikiza kusanza, kupuma mozama kapena kuwodzera, n'zokwanira kunyamuka. Ganizirani za ulendo: kuchoka m'midzi ya kufupi ndi Chiponde kapena Katuli kufika pachipatala chaching'ono, mwina n'kutumizidwanso kutsika mapiri, kuwoloka mlatho wa Bakili Muluzi pa Shire mpaka pachipatala cha boma ku Mangochi. Amene wadikira kuti tione mawa, wadya maola amene akanathera panjira.

Zimene zimadula buleki

Choyamba ndi kusiya insulini. Maganizo amene amapha ndi akuti: "Lero sindikudya, ndikusanza, ndiye jakisoni wa chiyani?" Zikumveka zanzeru, eti? Koma kumbukirani ntchito yachiwiri ija. Ngakhale m'mimba mulibe kanthu, thupi likufunabe insulini yogwira nkhokwe ya mafuta, ndipo pa nthawi ya matenda limafuna yochuluka. Mlingo ungasinthidwe ndi achipatala, koma wa shuga wa mtundu woyamba sasiyiratu insulini ngakhale tsiku limodzi. Mapemphero, dua ndi chikondi cha abale zipitirire, jakisoni nayenso apitirire. Palibe mankhwala a zitsamba amene amalowa m'malo mwa insulini.

Chachiwiri ndi insulini yowonongeka. Insulini ndi puloteni, ndipo mukudziwa chimene kutentha kumachita kwa mapuloteni. Botolo losatsegula limafuna madigiri 2 mpaka 8, koma lisaundane. Lotsegula limatha pafupifupi masabata anayi kunja kwa fuliji ngati lili pamthunzi pozizira. Kafukufuku amene bungwe la Médecins Sans Frontières linachita ndi University of Geneva, wotuluka mu 2021, anaonetsa kuti insulini inakhalabe ndi mphamvu kwa masabata anayi pa kutentha kokwera ndi kutsika pakati pa madigiri 25 ndi 37, monga kwa kumsasa wa othawa kwawo wa Dagahaley ku Kenya. Imeneyi ndi nkhani yabwino kwa mabanja opanda magetsi. Komabe m'mwezi wa Okutobala, makamaka kunyanja kumene kumatentha kuposa kuno kumtunda, botolo lisasiyidwe pawindo, pafupi ndi moto kapena pansi penipeni pa malata. Ambiri amaliika m'kachitini kotseka bwino, n'kukaika mumtsuko wadothi wa mchenga wonyowa. Madzi akamauluka pamtsukopo amatenga kutentha, Physics ya Fomu 2 basi.

Chachitatu ndi kusala kudya popanda uphungu. Malangizo a International Diabetes Federation amaika anthu a shuga wa mtundu woyamba m'gulu la amene kusala kungawaike pangozi yaikulu, ndipo amati wodwala shuga amasule shuga akatsika pansi pa 3.9 kapena akakwera kupyola 16.6 mmol/L. Kusamwa madzi tsiku lonse kumafulumizitsanso DKA. Chisilamu chimapereka chilolezo kwa wodwala kuti asasale, choncho mnzanu wa shuga akamadya masana m'mwezi wa Ramadhan musamuseke. Nkhaniyi aikambirane ndi adokotala ndi ashehe mwezi usanayambe.

Kuchipatala amachita chiyani?

DKA siichizika kunyumba, koma kuchipatala imachizika. Amayamba ndi diripi ya madzi amchere kubwezera madzi otayika aja. Kenako insulini pang'onopang'ono, imene imaimitsa chigayo cha maketoni. Amawonjezera potassium, chifukwa wambiri anatayikira mu mkodzo, ndipo insulini imalowetsa wotsalayo m'maselo. Akatsika kwambiri m'magazi mtima umasokonezeka. Amachizanso chimene chinayambitsa, kaya malungo kaya chibayo. Kwa ana madzi amalowetsedwa mosamala kwa tsiku limodzi kapena awiri, kuopa kutupa kwa ubongo. Ndiye mukaona diripi ikudontha pang'onopang'ono, musaganize kuti anamwino akuchedwetsa, ndipo musaikhudze.

Zaka zoposa 100 zapitazo insulini kunalibe. Mwana akapezeka ndi shuga wa mtundu woyamba, kawirikawiri ankamwalira pasanathe zaka ziwiri, ambiri atakomoka ndi DKA. Mu 1921 Frederick Banting ndi Charles Best anapeza insulini ku Toronto, ndipo mu Januwale 1922 mnyamata wa msinkhu wa Fomu 1, Leonard Thompson, anakhala woyamba kubayidwa. Anakhala ndi moyo zaka zina 13. N'chifukwa chake dziko lonse limakumbukira matenda a shuga pa 14 Novembala, tsiku limene Banting anabadwa. Kuno kwathu, kwa nthawi yaitali chithandizo cha shuga wa ana chinkadalira zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre. Mu 2018 ku Neno kunatsegulidwa makiliniki a PEN-Plus, obweretsa chithandizo chotere pachipatala cha m'boma, ndipo mu 2022 mayiko a mu Africa a m'bungwe la WHO anagwirizana kufalitsa njira imeneyi.

Mnzanu akadwala muli pomwepo

Musasokoneze DKA ndi kutsika kwa shuga, chifukwa zonse ziwiri zimagwira anthu obaya insulini. Shuga wotsika amabwera mwadzidzidzi, m'mphindi zochepa: thukuta, kunjenjemera, njala, kulankhula zosagwirizana. Ameneyo ngati akutha kumeza mupatseni msanga madzi a shuga, Sobo kapena Fanta. DKA imabwera pang'onopang'ono, kwa maola kapena masiku: milomo youma, ludzu, kukodzakodza, kusanza, kupuma mozama, fungo lija m'kamwa. Ameneyu ngati ali maso mupatseni madzi wamba, osati thobwa lotsekemera kapena zakumwa za m'botolo, ndipo ulendo wa kuchipatala uyambike. Fungolo si aliyense amene amalimva, ndiye musadikire kuti mulimve kaye.

Ngati wakomoka, musamuthire chilichonse m'kamwa. Mugonekeni cham'mbali, itanani aphunzitsi kapena amatroni, pezani galimoto kapena njinga yamoto. Tengani buku lake la kuchipatala, botolo la insulini ndi kamakina koyezera ngati ali nako, ndipo mukafika nenani mawu oyamba kuti ali ndi shuga, komanso kuti jakisoni womaliza anabaya liti.

Ngati mumagona naye hositelo imodzi, mufunseni lero, akadali bwino, kumene amasunga insulini yake ndi nambala ya foni ya makolo ake. Ndipo ngati kwanu kuli mwana amene masabata ano akumwa madzi osakhuta, kukodza usiku wonse ndi kuwonda, auzeni amayi kapena abambo madzulo ano kuti mawa akamuyezetse shuga.